Ba Mulenga ndi tsamba la Luangwa

Dzulo tinakaika mwala pamanda a Ba Mulenga, popeza chaka chakwana chitisiyire. Anthu anabwera ambiri kuposa amene Amake Chanda, mkazi wawo, anawaphikira. Kulira kunalipo pang'ono chabe. Abusa atangotseka pemphero, aNjobvu, nkhalamba imene kale inkalondera nyama m'paki, anaimirira n'kuloza mwalawo ndi ndodo yawo.

"Iwe wodya anyani," anatero, "gona bwino. Koma udziwe kuti chichokere iwe anyani achuluka, atimalizira chimanga."

Anthu anaseka mpaka abusa anavula magalasi kuti apukute misozi. Ba Mulenga anali Mbemba, ndipo ife a kum'mawa ndi Abemba timanyozana chotero: iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani. Chimbuya chimenechi sichiopa manda.

Pamwalapo ana awo analembetsa kuti anatumikira odwala m'chigwa cha Luangwa. Ndi zoona, ndipo ambiri amene anaima pamenepo anabayidwapo jekeseni ndi dzanja lawo. Koma panalinso kagulu kathu, ife amene tinawadziwa atapuma kale pantchito. Kwa ife anali munthu wa pakhonde, amene anatiphunzitsa kulemba m'buku la pa intaneti.

Bukulo ndi insaikulopediya ija yopanda mwini, imene aliyense angatsegule pafoni, kuwerenga, n'kukonza pamene palakwika. Ilipo m'zilankhulo zambiri. Ya Chingerezi ndi yaikulu moti sungaimalize, koma ya Chinyanja, pamene Ba Mulenga ankaiyamba, inali ngati munda wa mlesi, apa phesi, apo phesi. Anaipeza mwangozi. Mwana wawo Chanda anawagulira foni, ndipo tsiku lina anafuna kuwerengera mnansi wawo za likodzo m'Chinyanja. Anapeza mizere iwiri yokha, wina wake wabodza. Anaimbira Chanda atakwiya, kufunsa kuti ofesi ya anthu amenewa ili kuti kuti akadandaule.

"Tata, ofesi ndi inuyo," Chanda anawayankha. "Dinani pa kapensulo kali pamwambapo."

Anadina. Kuyambira pamenepo Amake Chanda anati apeza mkazi mnzawo.

Ine ndine mphunzitsi wa ku pulayimale kuno kwa Mnkhanya, ndipo ndinayamba kupita kwawo chifukwa mnzanga anandikokera. Tinkakumana Loweruka masana, pakhonde la nyumba yawo, pomwe panali mabenchi awiri ndi chingwe cha magetsi a sola. Pankabwera aphunzitsi, namwino wina wochokera kumigodi ya ku Kopabeti, anyamata a m'maloji ogonamo alendo odzaona nyama akakhala patchuthi, ndi alimi amene poyamba ankangobwera kudzatchajitsa mafoni.

Mlendo akafika, Ba Mulenga sankathamangira za foni. Ankayamba ndi "Mwaswera bwanji, mukwai," kumulemekeza mwa Chibemba, kenako kufunsa za kumunda, za njovu ngati zinalowa, za mwana amene anali ndi chifuwa chaka chatha. Munthu akamasuka, ankamupatsa foni itatsegulidwa pa tsamba limene iwo analemba, n'kunena modandaula kuti Chinyanja chawo n'chokhota, awathandizeko. Ndipo zoona, umapeza alemba "njofu" m'malo mwa njovu, kapena "sikomo" m'malo mwa zikomo. Mlendo uja ankaseka, n'kukonza, n'kudina posungira. Apo Ba Mulenga ankauza wina wa ife kuti atsegule tsamba lomwelo pafoni ina.

"Onani, mukwai. Mawu anu aja ndi awa. Ngakhale wa ku Lusaka akatsegula tsopano, akuwerenga zimene mwakonza inu."

Ndinaona nkhope zambiri panthawi imeneyo, ndipo sindinatope nazo. Munthu ankayang'ana foni iyi, n'kuyang'ana iyo, n'kuyang'ana chala chake.

Tonse tinkakhulupirira kuti Chinyanja chinawakanikadi. Tsiku lina ndikuthandiza Amake Chanda kusenda mtedza kuseri kwa nyumba, ndinawafunsa kuti zitheka bwanji munthu kukhala m'chigwa chiyambire unyamata wake koma osatha kulemba njovu. Anandiyang'ana cham'mbali.

"Aticha, munthu uyu akamakangana ndi ine salakwitsa liwu ngakhale limodzi. Chinyanja, Chikunda, zonse zimatuluka zowongoka."

Sindinawafunse eni ake, ndipo iwo sanaululepo. Zolakwikazo zinapitirira kumera m'masamba awo, makamaka akamva kuti Loweruka kubwera munthu watsopano.

Mwina ankadziwa bwino za kulandira alendo chifukwa iwonso anafika kuno ali mlendo. Boma linawatumiza ku Msoro ali mnyamata, m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ankasimba kuti atatsika m'lole, kashembe anawaluma pakhosi asanatsitse n'komwe sutikesi, ndipo anaganiza zobwerera ndi lole yomweyo. Chinawaletsa n'chakuti loleyo inakana kulira. Mmene inkakonzedwa, mayi wina anali atawaphunzitsa kale kupereka moni, ndipo anali atadya mpunga wa kuno. Sanali dokotala, anali wothandizira zachipatala, koma anthu anawatcha aDokotala mpaka iwo anatopa kukana.

Zachipatalazo sizinawachoke. M'mawa uliwonse ankatsegula pamene pamaoneka zonse zimene anthu asintha m'bukumo, ndipo ankati akuyendera odwala. Ankatiuza kuti tsamba usalidule usanaliwerenge lonse, monga sudula chilonda usanachitsuke. Ankatinso polemba usatamande kapena kunyoza, ungonena zimene zilipo. Wina akamalemba pasiwedi yake, mawu achinsinsi olowera aja, iwo ankatembenuka kuyang'ana mtengo wa mango mpaka amalize, ngakhale mwiniwakeyo atawachonderera kuti amusungire.

Koma anali ndi liuma, ndipo si nthawi zonse pamene linkabala zabwino. Bambo wina wa ku Kawaza, amene ankaonetsa alendo a m'maloji moyo wa pamudzi, analemba kuti chipatso cha mvunguti chimachiza nthenda iliyonse ya pakhungu. Ba Mulenga anafafaniza mawuwo pomwepo, n'kumukalipira pamaso pa tonse kuti adzaphetsa anthu. Bamboyo ananyamula njinga yake, ndipo sanabwerenso. Patapita nthawi Ba Mulenga anavomera kuti mawuwo anayeneradi kuchoka, koma iwo analankhula ngati akadali m'chipatala atavala chovala choyera. Anatumiza uthenga kangapo ku Kawaza. Yankho silinabwere.

Ndi aNjobvu mkangano unali wa mtundu wina. Nkhalambayi inkafuna kulemba za njira zakale zimene njovu zinkadutsa popita kumadzi, midzi isanachuluke. Ba Mulenga anafunsa funso lawo la masiku onse, loti zimenezi zinalembedwa pati, chifukwa lamulo la bukulo ndi lakuti chilichonse chikhale ndi gwero limene wina angakalione.

"Zinalembedwa m'mapazi angawa!" anakuwa aNjobvu. "Ndayenda m'tchire muno iwe ukuwerenga mapilitsi. Ufuna mzungu adzalembe kaye kuti ukhulupirire?"

Nyengo yonse yokolola thonje sanalankhulane. Koma nkhaniyo inawadya Ba Mulenga, chifukwa ankadziwa kuti za chigwa chino zambiri zili m'mitu ya anthu, osati m'mabuku. Pomaliza anakwera njinga kupita kwa anyamata a wailesi ya m'dera lathu, n'kuwapempha kuti adzajambule aNjobvu akufotokoza. Pulogalamuyo itaulutsidwa n'kusungidwa, anapita okha kwa mnzawoyo.

"Tsopano zalembedwa, wodya mbewa iwe. Bwera udzaike."

ANjobvu anabwera atavala jekete, ngati akupita kukhoti.

Komabe tikakhala pansi kukumbuka Ba Mulenga, nkhani imene imabwera poyamba ndi ya Amake Dalitso. Mayiyu ndi mlimi wa mpunga ndi thonje, wa kumudzi wa kutsidya kwa dambo. Sukulu anailekeza ali wamng'ono, koma amalemba bwino chifukwa ndi mlembi wa amayi a kutchalitchi. Anayamba n'kukonza "njofu" monga tonsefe, ndipo chinamukoma. Mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, anaganiza zoyesa yekha kunyumba. Anatsegula tsamba la mtsinje wa Luangwa, lomwe linali lalitali ndi lokongola kuposa onse amene tinali nawo, kuti awonjezepo chiganizo chimodzi: kuti mtsinjewo ukadzaza, madzi amabwerera m'timitsinje tating'ono n'kumiza minda. Chala chinatsetsereka. Mawu onse anada, kenako anazimirira, ndipo mwamantha anadina posungira. Atatsegulanso anapeza mutu wokha, pansi pake poyera.

Ba Mulenga anaziona m'mawa mwake poyendera odwala awo. Kubweza tsamba lotere ndi ntchito ya kamphindi, chifukwa bukulo limasunga mbiri ya tsamba lililonse, ndipo chimene chafafanizidwa sichitayika. Koma iwo sanabweze. Anaimbira Amake Dalitso, foni inali yozima. Ndiye analemba uthenga pamalo okambirana, kupempha onse kuti asakhudze tsambalo, amene walifafaniza adzalikonza yekha.

Panali mwamuna wina wa ku Lusaka, mmodzi wa oyang'anira bukulo, amene tinkamudziwa ndi zolemba zake zokha. Anali wakhama, koma waukali. Anayankha kuti tsamba la mtsinje waukulu chotere silingakhale lopanda kanthu chifukwa cha munthu mmodzi, kuti gulu la kuchigwa likuwononga zinthu, ndipo amutsekera mayiyo kuti asalembenso. Ba Mulenga anamuyankha mofatsa. Anati akalibweza iye, tsamba lichira koma munthu atayika, ndipo anthu olemba Chinyanja si ochuluka moti n'kumataya. Anapempha kuti awadikire mpaka Lamlungu. Wa ku Lusakayo anavomera monyinyirika, n'kunena kuti likadutsa Lamlungu asadzamudandaule.

Ba Mulenga ananyamuka kupita kwa Amake Dalitso, ndipo ine ndinawaperekeza, chifukwa Amake Chanda anakana kuti apite okha. Amene amadziwa dothi lakuda la kuno nthawi ya mvula akudziwa chimene ndikunena. Njinga inatinyamula pang'ono, kenako ife ndife tinainyamula. Matope ankamata kumapazi mpaka nsapato kulemera ngati njerwa. Padambo madzi anafika m'chiuno, ndipo Ba Mulenga, munthu wa imvi mutu wonse, anamanga foni m'kapulasitiki n'kuiika pansi pa chipewa. Ndinawauza kuti tibwerere, ndikapita ndekha mawa. Anangoti odwala sayenderedwa ndi nthumwi.

Tinapeza Atate ake a Dalitso akusoka thumba pabwalo. Atationa, nkhope inagwa.

"Mwabwera ndi apolisi?"

"Apolisi a chiyani, mukwai?"

"Mkazi wanga sakudya. Wamanga kale katundu, akuti athawire kwa mchemwali wake ku Msoro. Ndinamuuza ine kuti za mafoni ndi za ana a sukulu. Onani tsopano."

Amake Dalitso anatuluka m'nyumba atafunda chitenje kumutu, n'kugwada patali.

"ADokotala, ndikhululukireni. Ndafafaniza Luangwa yense."

Ba Mulenga anakhala pampando umene anapatsidwa, n'kuyamba kukanda matope kumiyendo ndi kamtengo.

"Luangwa yense? Nanga madzi amene andinyowetsa mpaka m'chiunowa achokera kuti?"

Mwamuna uja anaseka mosafuna. Mayiyo sanaseke. Anati ntchito ya anthu ophunzira, ya zaka, iye waiwononga ndi chala chimodzi, ndipo dzina lake lili pamenepo, dziko lonse laona. Ba Mulenga anamufunsa kumene kuli foni. Inali pansi pa ufa m'chitini, atakulunga m'nsanza.

Pamudzipo netiweki imagwira pachulu chokha, kuseri kwa khola la mbuzi. Tinakwera atatu, Ba Mulenga akugwira mkono wanga, mwamuna uja atatsalira pansi manja ali m'chiuno. Anthu a pamudzi anayamba kusonkhana. Ba Mulenga sanaigwire foniyo. Anauza Amake Dalitso kuti atsegule tsambalo, kenako adine pamene palembedwa mbiri. Panatuluka mndandanda wa onse amene analikhudzapo, ndipo anamuonetsa dzina lawo lomwe, pamene iwonso kale anachotsa chigawo chonse mwangozi, wina n'kubweza.

"Amene sanawonongepo tsamba sanayambe kulemba," anatero. "Dinani apo, pamzere wa pansi pa dzina lanu."

"Ndikawononganso?"

"Mukawononganso tidzabweranso. Koma mudzatiphere nkhuku, chifukwa dambo lanu ndi loipa."

Amake Dalitso anadina. Netiweki inazungulira, inazungulira, mbuzi zikulira m'khola. Kenako tsamba lonse linabwerera, ndi chithunzi chake cha mvuu pamchenga. Amake Dalitso anakhala pansi pachulu pomwepo n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Mapewa ankagwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka mpaka anavundukula nkhope. Zinali zonse ziwiri.

Ine ndinkaganiza kuti tatha, koma Ba Mulenga anati ayi, chiganizo chimene chinayambitsa zonsezi sichinalowe. Anatumiza kuti abweretse buku la sukulu la Dalitso, limene linali ndi mutu wonena za mitsinje ya m'chigawo chathu, kuti likhale gwero. Mayiyo analemba chiganizo chake pang'onopang'ono, akutchula liwu lililonse pakamwa, n'kusunga. Atatsika, mwamuna wake anapempha kuti aone. Anawerenga, nabwereza, kenako anatembenukira kwa anthu aja.

"Izi walemba ndi mkazi wanga," anatero, ngati panali wina amene amatsutsa.

Nkhuku inaphedwa tsiku lomwelo. Tinabwerera dzuwa likupendeka, ndipo Ba Mulenga anagona masiku angapo ndi msana, Amake Chanda akuwakalipira uku akuwathowa ndi madzi otentha. Wa ku Lusaka uja analemba liwu limodzi lokha, loti waona. Koma kuyambira pamenepo, mlendo akalakwitsa, iye ankayamba ndi moni asananene cholakwacho. Dzulo anabwera pabasi kudzaona mwala. Tinkayembekezera chimunthu chachikulu cha mawu okhuthala, koma anatsika kamnyamata kowonda, kamanyazi, kamene kanapempha kuti kaonetsedwe Amake Dalitso. Anagwirana chanza nthawi yaitali. Lero mayiyu ndiye amalandira alendo m'gulu lathu, ndipo masamba a mpunga, thonje ndi masau ndi ake.

M'miyezi yawo yomaliza manja a Ba Mulenga ankanjenjemera moti sankathanso kudina bwino. Sanadandaule kwambiri. Ankakhala pampando wawo atafunda bulangete ngakhale kukutentha, kumvetsera ife tikukangana za kalembedwe ka mawu, nthawi zina n'kugona pakati pa mkangano. Akadzidzimuka ankafunsa ngati kwabwera watsopano. Anamwalira kumayambiriro kwa nyengo yozizira, m'nyumba mwawo, mkazi wawo ali pambali.

Gulu tinalisamutsira kusukulu, kumene kuli malo okwanira. Nditachoka kumanda dzulo ndinadutsira kunyumba kwawo kukasiya mbale. Khonde lija Amake Chanda ayanikapo mpunga, ndipo nkhuku zimazungulira m'mphepete kudikira kuti atembenuke. Mpando analowetsa m'nyumba. Pasimenti patsala timaenje tinayi pamene miyendo yake inadya pansi, ndipo mavu amanga chisa pamsomali umene unkagwira chingwe cha magetsi. Amake Chanda akuti anthu odutsa amapatukirabe, chifukwa pangodya pamene pankakhala mpandowo netiweki imagwira bwino kuposa pena paliponse m'mudzimo. Amati odi, amaimirira pambali pa timaenjeto foni ili m'mwamba, akamaliza amathokoza n'kumapita. Mpunga anauyanika mozungulira, ngodyayo anaisiya yosesa.